Mmene ntchito ya FPGA yoyendetsa mota pa RS-485 ikuyendera

Kwa amene mukuwerenga koyamba, nkhani yake ndi iyi. Ndikulemba logic ya mu FPGA, chip yomwe umadzikonzera wekha ma circuit a mkati mwake, yoti izilandira malamulo kuchokera ku PLC (kompyuta yoyendetsa makina mu fakitale) kapena kompyuta wamba pa mawaya awiri a RS-485, chilankhulo chake Modbus RTU, kenako iziyendetsa mota ya DC ya 24 V pa liwiro lomwe yauzidwa. Mota ili ndi encoder (chowerengera kuzungulira kwa mota) ya mizere 1024 kumbuyo kwake ndipo imathamanga mpaka 3000 rpm. Chip ndi Cyclone IV EP4CE6, kaja kakang'ono ka ma logic element 6,272 ndi ma multiplier 15, clock ya pa bolodi ndi 50 MHz. Zonse ndikulemba mu Verilog, ndimayesa kaye mu Icarus Verilog nkuonera ma waveform mu GTKWave, zikaoneka bwino nde ndimapita nazo ku Quartus. Mulibe CPU mkatimo olo pang'ono, ma state machine okhaokha.

Ndikudziwa wina afunsa kuti bwanji osangotenga microcontroller ya STM32 basi, poti timer yake ili kale ndi dead time (kampata koti ma transistor awiri asayake limodzi), ili ndi break input komanso imawerenga encoder yokha. Zoona, mota ikakhala imodzi STM32 ikukwana ndipo mumaliza msanga kuposa ine. Koma ine ndikufuna mtsogolomu mota zikhale zinayi pa chip imodzi, ndipo pa FPGA ukamaliza block imodzi umangoyikopera kanayi, zonse nkumayenda nthawi imodzi popanda ma interrupt kulimbirana. Chinanso ndikufuna kudziwa mpaka pa clock imodzi kuti kuchokera pomwe vuto laoneka kufika pomwe ma MOSFET, ma transistor opatsa mota magetsi, azima pamadutsa nthawi yaitali bwanji.

Lolemba, UART

UART, gawo loyendetsa ma byte pa waya bit imodzi imodzi, ikugwira mbali zonse ziwiri, kutumiza ndi kulandira. Mulibe chachilendo kwenikweni koma masamu ake ndilembe pano kuti ndisadzayambirenso. Waya ukakhala chete umakhala pa 1, start bit ndi 0, kenako ma data bit 8 kuyambira kakang'ono kwambiri, parity, stop bit ya 1. Modbus imati parity ikhale even ngati simunasankhe ina, ndipo mukachotsa parity muyike ma stop bit awiri, ndiye kuti byte iliyonse pa waya ndi ma bit 11 nthawi zonse.

Receiver imasuzumira waya ka 16 pa bit iliyonse. Pa 19200 baud, 50,000,000 kugawa ndi 19200 × 16 zikutuluka 162.76, ndatenga 163, baud yeniyeni nkukhala 19,172, kuperewera ndi 0.15% yokha. Pa 115200 zimatuluka 27.13, ukatenga 27 baud imakwera kufika 115,741, kusiyana kwa 0.47%. Izinso sizodetsa nkhawa chifukwa UART imayambiranso kuwerenga nthawi pa start bit iliyonse, cholakwika chimangounjikana pa ma bit 11 okha osati pa uthenga wonse, bola pofika pa stop bit usanatsetsereke ndi theka la bit. Mbali ziwirizo zitha kusiyana mpaka pafupifupi 4% zinthu zisanasokonekere, nde ife tadyapo pang'ono chabe.

Pini ya RX isanakhudze china chilichonse imadutsa kaye mu ma flip-flop awiri. Apa palibe kukambirana. Signal yochokera kunja siidziwa clock yathu, ikasintha pa nthawi yomwe flip-flop ikujambula, flip-flop ija imatha kuima pakati, 0 ayi 1 ayi, kwa kanthawi, ndipo choopsa kwambiri ndi choti ma bit awiri a state machine atha kuwerenga signal imodzimodziyo mosiyana, state machine nkukapezeka pa state yomwe sunalembe nkomwe. Simulator sionetsa zimenezi, mu GTKWave zonse zimaoneka zoyera mbee. Ikaona 0 woyamba, receiver imadikira mpaka pakati pa bit nkuonanso, ngati waya wabwerera pa 1 ndiye kuti linali phokoso chabe, imabwerera kukadikira. Pa bit iliyonse imatenga ma sample atatu apakati nkutsata omwe achuluka.

Lachitatu, kutembenuza waya

RS-485 ya mawaya awiri ili ngati msonkhano wa wapampando wovuta, amalankhula mmodzi basi, ndipo slave imatsegula pakamwa pokhapokha master yaitchula. Transceiver ndi MAX3485 poti ndi ya 3.3 V, ili ndi pini ya DE yomwe umakweza ukafuna kulankhula nkuitsitsa ukamaliza. Nthawi yotsitsira ndi pomwe anthu ambiri amagwera pa microcontroller: flag yoti buffer yatha imadzuka byte yomaliza idakali mu shift register, ukatsitsa DE pamenepo umadula byte yomaliza ya CRC (nambala yotsimikizira kuti uthenga sunawonongeke) pakati, master nkumangoti CRC error pomwe code yonse ikuoneka yolondola. Kuno state machine ya TX imadziwa clock yeniyeni yomwe stop bit ikuthera, nde DE imakwera bit imodzi start bit isanayambe, nkutsika stop bit yomaliza ikangotha. Ndaona pa scope, zikugwirizana ndendende.

Pini ya RE, yoyatsa ndi kuzimitsa receiver, ndaimanga pamodzi ndi DE kuti tisamadzimve tokha polankhula, koma receiver ikazima pini yake ya output, RO, imangosiyidwa lendelende, nde ndayikapo pull-up, apo ayi UART imaona start bit yabodza. Chimodzimodzi pa waya weniweniwo, onse akakhala chete ma resistor a 120 ohm a kumapeto kwa waya amakokera mawaya awiriwo, A ndi B, pamodzi pafupi ndi 0 V, pomwe receiver imangolonjeza yankho lolondola kusiyana kukapitirira 200 mV. Ndiye pamafunika ma bias resistor malo amodzi pa waya wonse, Modbus imati akhale pakati pa 450 ndi 650 ohm. Za maina A ndi B musadalire, opanga zida sagwirizana kuti A ndi uti, nchifukwa chake Modbus inangowatcha D0 ndi D1. Zikakana kulankhulana sinthanitsani mawaya awiriwo kaye musanayambe kufukula code.

Loweruka, Modbus

Modbus inatuluka ku Modicon mu 1979 ndipo zimaoneka, koma kuphweka kwakeko nkomwe kukuchititsa kuti ikwane mu state machine popanda CPU. Mu RTU mulibe byte yapadera yosonyeza poyambira kapena pothera, frame imadziwika ndi chete basi. Waya ukakhala chete nthawi ya ma byte 3.5 ndiye kuti frame yatha. Pa 19200 byte imodzi ndi 573 µs, chete uja ndi 2.005 ms, ma clock 100,260, counter ya ma bit 17 ikukwana. Baud ikapitirira 19200 nthawi sizicheperanso, zimaima pa 1.75 ms. Palinso lamulo loti pakati pa ma byte a frame imodzi pasadutse ma byte 1.5, apo ayi frame itayidwe. Lamulo ili ndaliyika koma lotha kuzimitsa, chifukwa ma adapter ena a USB amatumiza frame mzidutswa, mpata nkupitirira, ndipo ukaumirira lamulo umangotaya mauthenga abwinobwino poyesa ndi laputopu.

CRC ndi ya ma bit 16, imayamba pa 0xFFFF, polynomial 0xA001, kusunthira kumanja. Mu C anthu amagwiritsa table ya ma entry 256 kuti zifulumire koma kuno nzosafunika, bit imodzi pa clock, byte yatha mu ma clock 8, ndiye kuti 160 ns pomwe byte yotsatira ifika patadutsa 573 µs. Frame yoyesera yomwe ndimayamba nayo ndi 01 03 00 00 00 01, CRC yake iyenera kutuluka 84 0A. Chenjerani apa, ma data a Modbus amayamba ndi byte yaikulu koma CRC yokha imayamba ndi yaing'ono. Kabwino kake nkoti ukapitiriza kuwerengera CRC mpaka ma byte awiri omalizawo, frame yabwino imasiya 0, nde sindifunika kudziwiratu kuti CRC ikuyambira pati, ndimangodikira chete nkuona ngati pali 0.

Ma function omwe alipo ndi 03 yowerenga, 06 yolemba rejisita imodzi ndi 16 yolemba zingapo. Ina iliyonse imayankhidwa ndi exception 01, address yosakhalapo ndi 02, nambala yopitirira malire ndi 03, ndipo broadcast ya address 0 siyankhidwa. Frame yaikulu kwambiri ndi ma byte 256, buffer yolandirira ndi yotumizira zonse zakwana mu M9K imodzi, block ya memory ya mkati mwa chip. Palibe chimalembedwa mu rejisita frame isanathe ndi kutsimikizika, ndipo pa function 16 ndimayang'ana kaye manambala onse, imodzi ikalakwika zonse zimakanidwa. Mwachitsanzo pa Kp ndi Ki, ma gain awiri owongolera liwiro, sindikufuna Kp yatsopano ilowe pomwe Ki yakanidwa.

Position ndi ya ma bit 32 pomwe rejisita ya Modbus ndi ya 16, nde imatenga ziwiri. Mota ikuthamanga theka lapansi limadzadza nkubwerera pa 0 pa ma revolution 16 aliwonse, pa 3000 rpm ndi 0.32 s yokha, ukawerenga theka limodzi pano lina kenako tsiku lina upeza nambala yalumpha ndi 65,536. Ndiye frame ikangotsimikizika ndimajambula ma status onse pa clock imodzi, yankho nkuchokera pa chojambulidwacho. Kuti theka liti liyambe Modbus sinanene, aliyense amapanga zake, ine ndayambitsa lalikulu.

Lachiwiri, PWM

PWM ndi kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi a mota mofulumira kuti tisinthe mphamvu yomwe ikulandira. Counter yake imakwera kuchoka 0 kufika 1250 nkutsikanso, ma clock 2500, 20 kHz ndendende, pamwamba pa zomwe makutu a anthu ambiri amamva. H-bridge, ma MOSFET anayi oyendetsa mota, ili ndi miyendo iwiri, uliwonse ndi gate driver yake ya IR2110. Mwendo A compare yake ndi 625 kuphatikiza theka la u (nambala ya mphamvu yomwe tikufuna ipite ku mota), mwendo B ndi 625 kuchotsa theka la u, u ikakhala 0 yonse iwiri imayenda limodzi mota nkuona 0 V, ikakhala negative mota imabwerera mmbuyo popanda kusintha mode iliyonse. Ubwino wina mota imalandira ma pulse awiri pa period imodzi, ripple ya current nkukhala pa 40 kHz.

IR2110 siyiyika dead time yokha, ukaiuza kuti yatsa wapamwamba ndi wapansi limodzi imayatsadi, 24 V nkulunjika ku ground kudzera mu ma MOSFET awiri. Nde dead time ndi ntchito yanga, ma clock 25, 500 ns. Kuzimitsa kumachitika pompo, kuyatsa kokha ndi komwe kumachedwetsedwa. Pa scope, probe imodzi pa gate yapamwamba ina pa yapansi, wapamwamba akutsika mpaka pansi, kampata koonekera bwino, kenako wapansi nkuyamba kukwera. Mwina nkutheka kuchepetsa kufika 300 ns koma ndidikira ndione ma MOSFET akatentha.

Compare yatsopano silowa nthawi ina iliyonse, imadikira mu shadow register mpaka counter ifike pa 0, apo ayi ikasintha pakati pa period imatha kudula pulse pakati kapena kubala kapulse kowonjezera pafupi ndi edge ina. Ndipo duty siingafike 100% chifukwa gate yapamwamba imadya kuchokera mu bootstrap capacitor yomwe imadzadza pokhapokha wapansi wayaka. Compare ndaitsekera pakati pa 75 ndi 1175, wapansi amayaka osachepera 2.5 µs pa period iliyonse. Mtengo wake ndi woti mota imangoona 88% ya 24 V, pafupifupi 21 V, ndiye 3000 rpm itanyamula katundu mwina sitifika. Ndavomera kaye.

Lachinayi, zoyimitsa mota

Gawo ili ndi lomwe ndakhalitsapo ndipo ndikuona kuti ndiye mtima wa ntchito yonse. Taonani nthawi zake. PLC ikafuna kunena kuti ima, frame ya function 06 ndi ma byte 8, pa 19200 ndi 4.6 ms, kuphatikiza chete wa 2 ms, ndiye 6.6 ms FPGA isanadziwe nkomwe kuti yauzidwa chani, ndipo apo ndi pomwe waya unali wopanda wina wolankhula komanso frame yafika yosawonongeka. Mu nthawi imeneyo PWM yazungulira ka 132, mota ya pa 3000 rpm yayenda gawo limodzi mwa magawo atatu a revolution. Pomwe MOSFET ikakumana ndi short imapsa mu ma microsecond ochepa. Nde chilichonse choteteza ma MOSFET sichingadikire waya wa serial, sichingadikirenso PI loop ya 1 ms yowongolera liwiro, chiyenera kukhala pafupi ndi mapini penipeni.

Ndapanga chonchi. Shunt, resistor yaing'ono yoyezera current, ili pansi pa bridge, comparator imayang'ana voltage yake, ikapitirira malire signal imalowa mu ma flip-flop awiri, kenako iyenera kukhala yokwera ma clock 4 motsatizana, kenako latch, ndipo latch ija imatseka ma output onse anayi pa sitepe yomaliza, dead time itadutsa kale. Zonse pamodzi ma clock 7, 140 ns mkati mwa FPGA, kuonjezapo kuchedwa kwa comparator ndi gate driver. Latch yomweyo imakwezanso pini ya SD (shutdown) pa ma IR2110. Chovuta ndi kaspike komwe kamabwera MOSFET ikangoyaka, diode ya mnzakeyo isanatseke bwino, comparator imakuwa pomwe palibe vuto. Nde pali blanking ya kanthawi kochepa pa edge iliyonse. Ikatalika ndiye kuti watseka maso nthawi yomwe short yeniyeni imaonekera, ikafupika mota imangozima yokha popanda chifukwa. Pano ili pa 300 ns ndipo ndi nambala yokhayo yomwe sindinaiyike pa Modbus dala, munthu asamaisinthe ali pa mpando kutali.

Latch ikagwira siimasuka yokha olo current itatsika. Imafuna lamulo la clear, setpoint ili pa 0, comparator ili chete. Mota yodzuka yokha vuto litangochoka ndi yomwe imavulaza munthu amene anapita kukaona chomwe chaiyimitsa.

Nanga waya ukaduka mota ikuthamanga? Popanda kanthu izingothamanga pa setpoint yomaliza mpaka kalekale. Nde pali watchdog, pakadutsa 200 ms popanda frame yabwino imayamba kutsitsa liwiro mpaka 0. Frame yabwino ndikutanthauza ya CRC yolondola komanso ya address yathu, osati phokoso lililonse la pa waya, chifukwa PLC itha kukhala ikucheza ndi ma slave ena ife itatiiwala. Kutsitsako ndi kwa pang'onopang'ono dala. Ukamanga buleki mwadzidzidzi mota imasanduka jenereta, mphamvu nkubwerera ku 24 V, ndipo ma power supply ambiri samwa current yobwerera, voltage imangokwera pa ma capacitor. Ikakwera kupitirira malire ndimazimitsa ma MOSFET onse mota iziyenda yokha mpaka itaima.

Pali kanthawi kenanso komwe logic yanga yonseyi kulibe. FPGA iyi imaiwala zonse magetsi akazima, ikayaka imakoka kaye configuration kuchokera mu flash, ndipo nthawi yonseyo mapini ake amakhala ndi weak pull-up ya pafupifupi 25 kΩ yokokera ku 3.3 V. Kwa gate driver zimenezo zitha kuoneka ngati 1 pa ma input onse anayi. Ndayika ma pull-down a 1 kΩ pa anayi onsewo, ndipo SD ili ndi pull-up yoti driver izikhala yozima mpaka FPGA itaitsitsa yokha. Ndinayesa 24 V itachotsedwa, scope pa ma gate, kuyatsa ndi kuzimitsa bolodi mobwerezabwereza komanso kuponya configuration yatsopano pa JTAG, ma gate ali phee.

Ndinene poyera kuti zonsezi si Safe Torque Off ya IEC 61800-5-2. Batani la emergency lisadutse mu FPGA iyi, lidule magetsi a ma gate driver kapena contactor palokha.

Lolemba, encoder

Encoder imatulutsa ma signal awiri, A ndi B, zomwe zimadutsa mu ma flip-flop awiri ngati RX, kenako filter yofuna ma clock 8 osasintha, 160 ns. Kuwerenga ma edge onse kumapereka 4096 pa revolution, pa 3000 rpm ndi 204,800 pa sekondi, edge iliyonse patadutsa 4.9 µs, nde filter ili ndi malo ambiri. A ndi B zikasintha limodzi, zomwe siziyenera kuchitika, sindiwerengera koma ndimaonjeza counter ya zolakwika yomwe imaoneka pa Modbus. Position ya ma bit 32 signed imadzadza pasanathe maola atatu mota ikamapita mbali imodzi pa liwiro lonse, PLC iyenera kudziwa zimenezo, koma pa liwiro palibe vuto poti ndimangochotsera yakale pa yatsopano.

Liwiro ndi lomwe linafuna kuganiza. Njira yapafupi ndi kuwerenga ma count pa 1 ms iliyonse, koma count imodzi pa 1 ms ndi 14.6 rpm. Pa 3000 rpm zilibe kanthu, koma pa 30 rpm ukupeza 2, 2, 2, kenako 3, liwiro nkumaoneka ngati lalumpha kuchoka 29 kufika 44 pomwe mota ikuyenda bwinobwino, PI nkumalimbana ndi chinthu chomwe kulibe, mota nkumalira kuti grrr. Nde pano ndimasunga nthawi yomwe edge yafikira pa counter ya 50 MHz, ndipo liwiro ndi ma count kugawa ndi nthawi yeniyeni pakati pa edge yoyamba ndi yomaliza. Pa 30 rpm pakati pa ma edge awiri pali ma clock opitirira 24,000, kulondola kwake nkosiyana kutalitali. Kugawa ndi kwa bit imodzi pa clock, ma clock 32 mwa 50,000 omwe tili nawo pa 1 ms, sindinawononge ma logic element pa divider yothamanga. Ma edge anayi a encoder satalikirana mofanana ndendende, nde ndimasunga nthawi pa edge yokwera ya A yokha. Pakadutsa 100 ms popanda edge liwiro limalembedwa 0.

Lachisanu, PI

Loop imayenda ka 1000 pa sekondi. Error ndi ya ma bit 16 signed, Kp ndi Ki ndi 8.8 fixed point, kuchulukitsa kumakwana mu multiplier imodzi ya 18 × 18 yomwe ndimaigwiritsa kawiri motsatizana. Kwa amene mukuyamba Verilog, lamulo lake ndi loti mu expression mukangopezeka chimodzi cha unsigned zonse zimasanduka unsigned, error ya -1 nkukhala 65,535, ndipo compiler siidandaula. Kp iyenera kuonjezeredwa 0 kutsogolo nkukutidwa ndi $signed, komanso pogawa ndi 256 ndi >>> pa chinthu cha signed osati >>. Testbench ili ndi kamodel ka mota kosavuta ndipo imayesa mbali zonse ziwiri, chifukwa zoterezi kutsogolo zimayenda bwino, zimaonekera pobwerera mmbuyo.

Integrator imasiya kuunjika output ikafika pa malire ndipo error ikukankhirabe mbali yomweyo. Popanda izi, katundu akagwira shaft kwa sekondi imodzi nkusiya, mota imathawa kupitirira setpoint kutali isanabwerere. Pa bench popanda katundu, kuchoka 0 kupita 1500 rpm ikupitirira pang'ono nkukhazikika, pa 30 rpm ikuyenda mosalala kuti utha kuitsatira ndi maso. Ma gain enieni adikire katundu weniweni.

Lachiwiri, phokoso

Mota ili chiimire, Modbus imayenda popanda cholakwika. Ikangoyamba kukoka, counter ya CRC error imayamba kukwera, pang'onopang'ono koma osaima. Pa scope, A ndi B za RS-485 iliyonse poyerekeza ndi ground ikuonetsa timinga tosongoka totalikirana mofanana, tikugwera ndendende pa ma edge a PWM. Pochotsera A pa B timinga tambiri timafafanizika, ndiye ntchito ya differential imeneyo, koma RS-485 imangopirira common mode ya pakati pa -7 V ndi +12 V, kupitirira apo receiver imanena zake.

Zomwe zathandiza: waya wopotana weniweni mmalo mwa timawaya ta pa bench, 120 ohm kumapeto awiri okha, waya wachitatu wa common pakati pa zida ziwirizo, ndi kupatutsa mawaya a mota kuti asayende limodzi ndi a data. Gate resistor yokulirapo inafewetsa ma edge, ma MOSFET nkumafunda pang'ono kuposa kale. Counter pano yaima. Komabe pa bolodi yotsatira ndiyika transceiver ya isolation ngati ADM2587E, chifukwa pa waya wa mamita mazana mu fakitale ma ground awiri sakhala ofanana ngati pa tebulo. Chomwe chandisangalatsa nchoti nthawi yonse ma frame amawonongeka ija mota sinagwedezeke, frame yoipa imangotayidwa, PLC nkufunsanso.

Quartus ikuti zonse pamodzi sizinafike theka la chip ndipo timing ya 50 MHz ikudutsa ndi mpata wabwino. Modbus ndi imodzi olo mota zitakhala zinayi, nde chongochuluka ndi PWM, encoder ndi PI.

Zomwe zatsala

Ndikufuna kutsimikiza ndi SymbiYosys, pulogalamu yotsimikizira logic mwa masamu, osati ndi testbench yokha, kuti gate yapamwamba ndi yapansi sizingayake limodzi olo compare isinthe motani, olo fault ibwere pa clock iti. Block ya dead time ndi yaing'ono, iyenera kutheka msanga.

Chachikulu ndi current loop, ndipo apa ndaima kaye. Mabuku amati yeza current pakati pa period, counter ili pa 0 kapena pamwamba, kutali ndi ma edge. Koma ndi PWM yangayi pa nthawi zimenezo miyendo iwiri yonse ili mbali imodzi, current ikungozungulira mu ma MOSFET awiri ndi mota, siidutsa mu shunt ya pansi ija, ADC iwerenga 0. Current imadutsamo pokhapokha counter ili pakati pa ma compare awiri, pozungulira 625, ndipo zenera lake ndi ma clock u okha. u ikakhala 50 ndi 1 µs, kuchotsapo dead time ndi kaspike kaja palibe chotsala choti ADC ya SPI ijambule. Nde ndi ziwiri, kuyika shunt pansi pa mwendo uliwonse nkumayeza counter ili pa 1250 pomwe apansi onse ayaka, kapena sensor ya Hall pa waya wa mota weniweniwo yomwe imaona current nthawi zonse koma ili ndi offset yoyenda ndi kutentha. Pano ndikupendekera ku ma shunt awiri, ija ya pansi ikhalebe ya comparator yokha. SPI master ndiyamba kulemba mawa poti iyo sikusamala kuti ndasankha iti.